Momwe mungasankhire galimoto yakale ya ku America yosungika bwino musanapereke ndalama

Galimoto za ku America za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, monga Chevrolet Bel Air ya 1957 kapena Ford Mustang yomwe inaonetsedwa koyamba ku New York pa 17 April 1964, zimagulidwa ndi anthu amitundu iwiri: ena amafuna kuisunga monga inatulukira ku fakitale, ena amafuna kuiphwasula n'kuimanganso. Onsewa chomwe akugula kwenikweni ndi chitsulo cha bodi ndi mapepala ake, pakuti injini imakonzeka, pomwe bodi yodyeka ndi dzimbiri imameza ndalama zoposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo. Ndigwiritsa ntchito Mustang ya 1965 ndi 1966 ngati chitsanzo, popeza zinapangidwa zambiri ndipo zipangizo zake zikupangidwabe mpaka lero.

Yambani ndi kudziwa mtengo woyenera musanalankhule ndi wogulitsa aliyense. Kampani ya inshuwalansi ya Hagerty imagawa galimoto zakale m'magulu anayi, kuyambira 1, yomwe ndi yoyenera mpikisano wa zionetsero, kufika 4, yomwe imayenda koma zilema zake zili poyera. Yerekezani mitengo yomwe Hagerty imaika pa gulu lililonse ndi ya galimoto zomwe zagulidwa kale pa webusaiti yogulitsirapo galimoto ya Bring a Trailer kapena pa misika yobetcherana ya Mecum ndi Barrett-Jackson, chifukwa mtengo wolembedwa pa chilengezo ndi chikhumbo chabe cha mwini wake.

Kenako funsani komwe galimotoyo yakhala moyo wake wonse. M'madera ozizira monga Michigan, Ohio ndi Pennsylvania amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya galimoto kuchokera kunsi. Za ku Arizona, Nevada ndi kum'mwera kwa California zimakhala ndi penti wopserera ndi dzuwa komanso mipando yong'aluka, koma chitsulo chake chimakhala chouma. Kwa ine, penti wofwifwa wa ku fakitale ndi wamtengo wapatali kuposa wonyezimira wa chaka chatha, chifukwa woyambayo sabisa kanthu.

Pofufuza dzimbiri la pa bodi ndi pamene muyenera kutaya nthawi yanu yambiri. Galimotoyo ikwezedwe m'mwamba, ndipo ngati muli kutali lembani ntchito munthu woyeza galimoto amene sali pa ubale uliwonse ndi wogulitsayo. Bel Air ili ndi chasisi chapadera chomwe bodi imakhalapo, koma Mustang ilibe. Pansi pake ndi pomwe pamanyamula kulemera konse, choncho dzimbiri la pamenepo limafoola galimoto yonse. Woyezayo agogode ndi sikuludiraiva m'mizati ya pansi, kumbuyo kwa matayala akutsogolo, pansi pa buti ndi pansi pa batire. Chitsulo chabwino chimalira mwamphamvu, chodyeka chimamveka ngati mukugogoda katoni ndipo chimayoyoka tizidutswa tofiirira. Pa Mustang pali malo ena obisika, pansi pa timipata tolowera mpweya kutsogolo kwa galasi lalikulu: thirani madzi a m'botolo pamenepo, kenako kwezani kapeti ya kumapazi a dalaivala. Madzi akadontha mkati, dziwani kuti chitsulo cha m'katimo chinabooka, ndipo kuchikonza kumafuna kuchotsa galasi ndi kudula mbali yonseyo. Tenganinso maginito ofooka okulungidwa m'kansalu ndi kuwayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala. Pomwe akana kugwira, pansi pa pentiyo pali phala lomwe okonza mabodi amamatira pobisa mabowo.

Bodi ikakukhutiritsani, pitani ku manambala. Nambala ya galimoto ya zilembo 17 yomwe tinaizolowera inakhazikitsidwa mu 1981, motero galimoto zakale zili ndi nambala zazifupi, ndipo kampani iliyonse inkalemba mwa njira yake. Pa Mustang ya zaka ziwirizi nambalayo inadindidwa pa chitsulo cha m'mbali mwa injini, ndipo chilembo chachisanu chimanena injini yomwe galimotoyo inabadwa nayo: T ndi ya masilinda sikisi, C ndi A ndi V8 (ya masilinda eyiti) ya 289, nambala yomwe imanena kukula kwa injiniyo, pomwe K ndi 289 yamphamvu yomwe osunga galimoto amailimbirana. Mukapeza V8 m'galimoto yomwe nambala yake ikunena T, ndiye kuti injini inasinthidwa. Kwa wokonzanso si vuto lalikulu, koma musalipire mtengo wa galimoto yosakhudzidwa. Pa galimoto za Ford za kuyambira 1967 mutha kugula chikalata chotchedwa Marti Report, chomwe chimaonetsa mtundu wa penti ndi zipangizo zomwe galimotoyo inatuluka nazo. Musadalire kwambiri wotchi ya mtunda, chifukwa ili ndi manambala asanu okha ndipo ikafika mamailosi 99,999 imayambiranso pa ziro. Ikamaonetsa 40,000 pomwe labala wa pa buleki watha mpaka kuonetsa chitsulo, inazungulira kale.

Pemphani kuti injini ilizidwe ili yozizira, mutaigwira kaye ndi dzanja. Wogulitsa amene waitenthetseratu angakhale akubisa utsi wabuluu wa oyilo kapena kugogoda komwe kumatha ikatentha.

Chikalata cha umwini chomwe Amereka amachitcha title chikhale m'dzina la wogulitsayo, ndipo nambala yake ifanane chilembo ndi chilembo ndi ya pa chitsulo. Akuluakulu a kasitomu ku United States amafuna kuona chikalatachi maola 72 galimoto isanatuluke m'dzikomo, choncho popanda icho galimoto yanu ingathe kukhalira pa doko. Kwa amene akufuna kuibweretsa ku Malawi kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, ndi bwino kufunsiratu ku MRA za msonkho ndi ku nthambi yoona za pamsewu za kalembera wake, popeza chiwongolero cha galimotozi chili kumanzere. Ikwezeni mu kontena kuti mphepo ya mchere ya pa nyanja isaikhudze. Ganiziraninso za South Africa, komwe Ford ndi General Motors ankalumikiza galimoto ku Port Elizabeth kuyambira m'ma 1920, ndipo Chevrolet ndi Ford zakale za chiwongolero cha kumanja zimapezekabe kumeneko.

Ikafika, musathamangire kuiliza pofuna kusangalatsa anansi. Khuthulani mafuta akale mu tanki, sinthani oyilo ndi madzi, ndipo chotsani mapulagi n'kudonthezera oyilo pang'ono m'masilinda musanazungulitse injini ndi dzanja. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amadya mapaipi akale a labala ndi zomatira za m'kabureta, kotero zonsezo zisinthidwe ndi zolimba kwa ethanol. Galimoto zambiri za chaka cha 1967 chisanafike zili ndi mpope umodzi wa mabuleki a matayala onse anayi, ndipo paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse amatha nthawi yomweyo. Ine ndimalimbikitsa kuika mpope wa magawo awiri, wakalewo n'kuusunga m'bokosi kuti wodzagula mtsogolo adzaupeze. Matayala akale asinthidwe ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Muuzenso makaniko wanu kuti mabawuti a galimotozi amayezedwa mu mainchi, ndipo mumugulire masipanala ake, chifukwa sipanala ya 13 pa bawuti ya theka la inchi imakhwepa ndi kudya makona ake.