Bass ikuguguda m'chipinda: muyambire apa

Achimwene a ku Luchenza afunsa kuti: "Ndagula amplifaya ya Denon yokhala ndi Audyssey, koma bass ikungoguguda pabalaza. Ndiyambire pati?" Audyssey ndi pulogalamu ya mu amplifaya yomwe imayeza chipinda ndi maikolofoni n'kukonza kamvekedwe ka mawu.

Yambani ndi masipika, achimwene. Achotseni pakona, muwasendeze pang'ono kuchoka kukhoma. Pasimenti yalanipo kapeti, pazenera makatani okhuthala.

Kenako maikolofoni yoyezera ya Audyssey. Iimikeni pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), iloze kudenga, pamene pamafika makutu anu mukakhala pampando. Osaigwira m'manja ayi. Yezani usiku kuli zii, filiji ndi fani mutazimitsa. Mvula ikamagwa pamalata, ndipo kuno ku Thyolo imagwa ndithu, dikirani ikate, chifukwa phokoso lakelo limawononga muyeso wonse.

Yezani malo onse amene makinawo akupempha, koma moyandikana ndi mpando wanu.

Mukamaliza kuyeza, ngati muli ndi subwoofer (sipika ya bass yokha), pitani mu menyu ya amplifaya muike masipika pa Small, ndipo crossover (malire a mawu otsika opita ku subwoofer) pa 80 Hz. Mukakhala ndi app ya MultEQ Editor, yosinthira makonzedwe a Audyssey pafoni, ine ndimakonda kukonza mawu otsika okha, a pansi pa 500 Hz, poti ndi pomwe chipinda chimavutitsa kwambiri. Pamene bass ikusowa, musaikweze mokakamiza. Sunthani subwoofer, muyezenso.