Mmene mungawerengere zomwe namondwe wawononga m'mbali mwa nyanja

Titenge Beira, mzinda wa doko ku Mozambique, pomwe namondwe Idai adafikira mu Malichi 2019. Osathamangira ndalama kaye ayi, yambani ndi mzere wa matope womwe madzi asiya pakhoma, muyeze ndi tepi, chifukwa madzi a m'mawondo amaononga mipando ndi ufa koma akafika pawindo ndiye khoma la zidina likhoza kugwa. Kenako werengani nyumba, mashopu ndi misewu yomwe yamira, chilichonse muchulukitse ndi mtengo womangiranso walero, osati wakale, simenti adakwera kalekale.

Ambiri amalekera pomwepa ndipo zimandiwawa. Nanga masiku omwe msika unali wotseka? Asodzi otsala opanda mabwato, minda ya mpunga yolowa madzi amchere yomwe sibereka msanga, ngakhale mathanki a mafuta obwera kuno ku Malawi atangoima poti msewu wochokera kudoko waduka, zonsezo muikemo.

Kenako za kutsogolo. Ngati chigumula choterecho chimabwera kamodzi pa zaka 50, gawani chiwonongekocho ndi 50 mupeze cha pachaka, koma nyanja ikukwera mamilimita opitirira 3 chaka chilichonse ndiye mubwereze samuyo ndi madzi okwererapo, 50 ujanso mumutsitse poti chigumula choterecho chizibwera pafupipafupi.