Gain si voliyumu, lekani kupsereza masipika m'maukwati

Chiyambireni nyengo ino ya maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mapemphero ya panja, amisiri okulunga makoyilo a masipika muno mu Lilongwe sakupuma. Mabokosi akubwera akununkha utsi, matwita (timasipika ta mawu okwera) ali zii, ndipo mwini wake aliyense akuloza chala kwina: sipika inali yabodza, jenereta ndiye yalakwa. Ayi ndithu. Ambiri mwa masipika amenewa akupsa ndi dzanja la munthu pa crossover, chida chija chogawa mawu kuti apite ku masipika a bezi, a mawu apakati ndi matwita. M'maholo ndi m'matenti a ku Kawale, Chinsapo ndi Area 25 ndikupeza chinthu chimodzimodzi: mabatani a gain onse, low (bezi), mid (mawu apakati) ndi high (matwita), apotokoledwa mpaka kumapeto.

Anzanga a DJ, gain sanaiyike pamenepo kuti muzikwezera nyimbo. Ntchito yake ndi kulinganiza mphamvu ya mawu ochokera ku mikisa ndi imene ampu (chida chopatsa masipika mphamvu) ingalandire, komanso kuti bezi, mawu apakati ndi matwita ziyendere limodzi. Pa 0 dB (dB ndi muyeso wa gain) mawu amatuluka monga momwe alowera. Mukawonjezera 6 dB mwachulukitsa voteji kawiri, ndiye kuti mukupempha ampu mphamvu yochuluka kanayi. Ampu ikafika pothera imangodula nsonga za mafunde a mawu, n'kuyatsa kanyali kofiira ka clip. Mawu odulidwa chonchi ndi moto weniweni m'koyilo: guluu amafewa, waya amada, kenako n'kuduka. Twita ndiye imayamba kufa chifukwa koyilo yake ndi yaing'ono ndipo waya wake ndi woonda kwambiri.

Chondipweteka n'chakuti ena amasangalala nako kanyali kofiirako, ati ndiye kuti nyimbo yagwira. Ena akuti ndi mmene anawaphunzitsira akuluakulu awo kalekale. Kodi tizingotengera zizolowezi mpaka liti, ndalama zikuthera kwa amisiri? Perekani-perekani amatenga maola, MC akukuwa mu maikolofoni, dzuwa la Okutobala likuwotcha tenti, ampu yatentha yosagwirika, inu n'kumawonjezerabe. Ndipo sipika yokulungidwanso kawirikawiri siimveka ngati poyamba. Mwalipira mmisiri, mwataya Loweruka lotsatira chifukwa zida zili kokonzetsa, mbiri yanu nayonso yaipa kwa a komiti ya ukwati, amene amauzana okhaokha.

Bambo wina wa ku Mitundu atagulitsa fodya wake ku Kanengo anagula zokuzira mawu kuti azibwereketsa, n'kupatsa mphwake kuti aziyendetsa. Ukwati unali pabwalo, ndipo pabwalo bezi imamwazika chifukwa palibe makoma oibweza. Mnyamatayo anakweza gain ya low mpaka kumapeto. Bezi itaphimba mawu a MC, anakwezanso high. Pofika nthawi yodula keke matwita onse anali atapsa, eni ukwati n'kukana kumaliza malipiro. Titayang'ana crossover yawo tinapezanso kuti kabatani ka x10, kamene kamachulukitsa kakhumi nambala yodulira mawu, kanali kosadina, choncho pamene mnyamatayo ankaganiza kuti wadula pa 2,000 Hz (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), matwita ankalandira mawu kuyambira pa 200 Hz. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mungathire thumba lonse la feteleza pa phando limodzi kuti chimanga chikule msanga?" Anangopukusa mutu, n'kunena kuti chikhoza kupsa tsiku lomwelo.

Zochita zake si zambiri. Bwezani gain zonse za pa crossover pa 0. Pakati pa mabokosi a bezi ndi a pamwamba dulani pakati pa 80 ndi 120 Hz, yambirani pa 100 n'kumamvetsera. Za matwita tsatirani nambala imene opanga analemba, osatsika pansi pake, ndipo onetsetsani kabatani ka x10. Musakadine ampu ili yoyaka. Yatsani low cut, pafupifupi 30 mpaka 40 Hz, kuti sipika ya bezi isamavutike ndi mawu otsikitsitsa amene bokosi silingatulutse. Ikani nyimbo yaphokoso, mita ya mikisa izifika pa 0, kwezani ampu pang'onopang'ono mpaka clip iphethire, kenako bwererani m'mbuyo pang'ono n'kusiya pomwepo. Mbali ina ikamveka kwambiri, tsitsani imeneyo m'malo mokweza inzake. Bezi ikamveka yopyapyala podulira paja, yesani kabatani ka phase, kotembenuza mafunde a mawu. Ikachepabe pabwalo, gundanitsani mabokosi a bezi malo amodzi pansi, kapena bwerekani ena kwa anzanu. Ampu iziyatsidwa pomaliza ndi kuzimitsidwa poyamba, makamaka posinthira ku jenereta magetsi akathima.