Musanagule lesitilanti mu Lusaka, yambani mwagwiramo ntchito

Ndimaphika nsima yogulitsa ku Kamwala, ndipo anthu amene angolandira ndalama ya penshoni amakonda kudzandifunsa ngati n'kwanzeru kugula lesitilanti imene wina akuitsatsa. Ndimawauza kuti apemphe mwini wake awalole kugwiramo ntchito mlungu wathunthu, Lolemba mpaka Loweruka, asanatulutse ngwee. Akakana, pali chimene akubisa.

Mlungu umenewo muzidzuka kusanache n'kupita naye ku Soweto Market kukagula tomato, anyezi, repu ndi chibwabwa. Funsani amayi ogulitsa kuti bokosi la tomato limafika pa zingati nyengo ya mvula, chifukwa mtengo wa mbale yanu sudzakwera nalo limodzi. Mukabwerera, werengani matumba a ufa a 25kg amene akutha. Buku la malonda munthu angalilembe usiku umodzi, koma thumba la ufa wa breakfast limatulutsa mbale zodziwika. Ngati matumba akutha pang'onopang'ono pamene buku likuti anthu amadzaza tsiku lililonse, khulupirirani ufawo.

Ndalama ya tsiku imalowa pakati pa 12 ndi 14 koloko. Nthawi imeneyo imani pakhomo muone amene akudya. Ngati onse ndi a ofesi imodzi kapena amakanika a galaji imodzi, tsiku limene adzasamuke mudzatsala ndi mipando yokha. Onaninso angati akusamba m'manja n'kunena kuti "lembani, ndidzalipira pakutha kwa mwezi." Kabuku ka nkhongole kakanenepa, mawa simupita ku Soweto.

Chimene ambiri amaiwala ndi wophika, ndipo apa ndiye pamandiwawa mtima, poti amamuwerengera pamodzi ndi mapoto. Pitani ku malo odyera a Matebeto ku Thornpark mukaone: makomo ali ogundizana, paliponse nsima, T-bone, nsomba ndi nkhuku ya kumudzi, koma munthu amadutsa makomo angapo kulunjika kwa mayi mmodzi chifukwa cha supu yake. Anthu amatsata dzanja. Khalani pansi ndi wophikayo mwini lesitilanti palibe, mumufunse mwaulemu kuti, "Amayi, kodi ndikagula mudzatsala? Malipiro anu onse munalandira?" Akati akupita, mtengo umene mwauzidwa utsike, chifukwa makasitomala apita naye.

Mwini nyumba mukaonane naye maso ndi maso. Wogulitsa lesitilanti nthawi zambiri amangochita lendi, ndiye pangano latsopano lilembedwe m'dzina lanu, lonena zaka ndi mmene lendi idzakwerere.

Mapepala musaamve pakamwa, muwagwire: kulembetsa kwa ku PACRA (ofesi yolembetsa makampani), TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA (bungwe lotolera misonkho), zilolezo za khonsolo za ku Civic Centre zamalonda, zaukhondo ndi zamoto, komanso zikalata zakuti onse ogwira chakudya anapimidwa kuchipatala. Ku NAPSA (thumba la penshoni) wantchito amapereka 5% ya malipiro ake, inu muwonjezerapo 5%, ndipo palinso NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo). Mukagula kampani yonse, zimene mnzanu sanalipire mwazisenza inu. Ine ndimalangiza kulembetsa dzina lanulanu n'kugula katundu yekha.

Kenako tsegulani mpopi, lowani m'chimbudzi, yang'anani kumene madzi otsukira mbale akupita. Kolera ya 2017 mpaka 2018 itabuka, malo odyera ena anatsekedwa, ndipo kumayambiriro kwa 2024 bwalo la masewera la Heroes Stadium linasandukanso chipatala. Chaka chomwecho cha 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, nyama n'kumawola m'mafiriji. Ngati pamalopo palibe tanki ya madzi, chitofu cha gasi ndi mbaula, ikani mtengo wake pa ndalama yogulira.

Tsopano za inuyo. Miyendo yanu ingapirire kuima kuyambira mbandakucha mpaka madzulo? Kukagwa maliro ku Katete, ndani adzatsale pa ndalama? Mungathe kuuza mlamu wanu kuti mbale yake alipire? Ngati mukufuna kukhala pa ntchito yanu ya m'tauni n'kumangobwera madzulo kudzatenga ndalama, malonda awa si anu.

Ndalama ya kaloba (nkhongole ya katapila) musaikhudze, chiwongoladzanja chake chimaposa phindu la nsima. Ya chilimba (yosonkherana ndi anzanu n'kumalandira mosinthana) ingathandize kugula firiji. Mukalipira wogulitsa, m'thumba mutsale ya lendi ndi malipiro a antchito ya miyezi itatu, poti makasitomala akale amayamba alawa kaye asanabwerenso ndi anzawo.