Momwe mungadzipangire mwayi pa geni ya mtedza ku Mchinji

Wina akagula njinga yamoto ndi ndalama za mtedza, kumudzi amati ali ndi mwayi, ena n'kumanong'ona kuti anakhwima. Koma mumulondole munthuyo kuyambira Epulo mpaka Disembala, muone zimene amachita anzake ali pa bawo. Zambiri mwa izo nanunso mungazithe.

Poyamba, yendani chimanjamanja. Musanagule ngakhale ndowa imodzi, zungulirani misika ya Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi pa Boma kwa masabata awiri kapena atatu. Khalani pafupi ndi sikelo za mavenda, kope lili m'thumba, muzilemba mtengo wa tsiku lililonse. Onani mtedza umene ukuyamba kutha, kaya ndi CG7 wofiira uja kapena Chalimbana. Chezani ndi a kabaza ndi onyamula matumba, chifukwa iwo ndi amene amadziwa lole imene yabwera, bwana wake, ndi kumene katunduyo akupita.

Kenako werengani miyezi. Mtedza ukangokumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, aliyense amafuna ya fizi ndi yobweza ngongole, choncho mtengo umakhala pansi. Mvula ikayandikira mu Novembala, alimi omwe aja amayamba kusakasaka mbewu. Phindu lagona pakati pa miyezi imeneyi, koma amalidya ndi wodziwa kusunga.

Apa ndiye pamagwera ambiri, ine ndemwe ndinagwapo. Chaka china ndinagula mtedza woswa kale, wooneka bwino, osadziwa kuti mwini wake ananyowetsa makoko kuti asavutike poswa. Patatha mwezi ndinamasula thumba, fungo la chuku n'kundilandira pakhomo. Chuku chimenechi chimabweretsa poizoni wa aflatoxin, ndipo ogula akuluakulu akangochiona amabweza katundu yense. Ndiye gulani wa makoko. Tapani dzanja limodzi mugwedeze pafupi ndi khutu: wouma bwino umalira wayawaya. Iswani zingapo, mulume. Ukakhala wofewa, usiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Kunyumba sanjani matumba pa mitengo kapena matabwa, asagunde pansi kapena khoma, ndipo denga lodontha likonzedwe mvula yoyamba isanagwe.

Za mpamba sindichulukitsa. Yambani ndi umene muli nawo, kapena wa ku banki mkhonde. Katapila ayi: chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa mtengo wa mtedza. Ndalama ya geni ikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, kuti mlamu akabwera ndi vuto muziyankha ndi thumba lina.

Tsopano dziwikani. Musadikire wogula pakhonde. Sinjani nsinjiro pang'ono, kazingani wina, perani chiponde, mupite nazo kwa amayi a malo odyera ndi ku sukulu zogonera komweko. Siyani kapaketi kaulere ndi nambala yanu. Mwa anthu khumi mwina akuimbirani mmodzi, ndipo ameneyo mukamufikitsira katundu pa tsiku limene munagwirizana, sikelo yosabera, ndi amene adzakutchuleni kwa anzake. Ukayenda siya phazi.

Oda ikakula, Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, ndipo Chipata ili tsidya la chipata cha Mwami. Kuwolotsa katundu kumafuna zikalata, ndiye kafunseni ku ofesi za pamalirepo musanalipire galimoto. Njira zachidule zam'tchire zingakulanditseni mpamba wonse. Chiponde cha m'mabotolo chofuna kulowa m'masitolo akuluakulu chimayenera chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, choncho lembetsani bizinesi yanu msanga, oda isanakupezeni mulibe pepala. Ndipo foni izikhala ndi moto, chifukwa wa lole akaimba kawiri osayankhidwa amaimbira wina.