Musanapite ku mapaki a boma a ku Hawaii

Mlendo wochokera kunja kwa Hawaii sangangofika pachipata cha paki ya Diamond Head pachilumba cha Oahu, Haena pachilumba cha Kauai kapena Waianapanapa pachilumba cha Maui n'kulowa. Malo amasungitsiratu pa intaneti, ndipo amatsegulira kusungitsa kutatsala masiku 30. Ku Haena amalola anthu 900 okha patsiku, choncho mukazengereza mupeza atatha.

Njira yokwera Diamond Head ndi yaifupi, makilomita 1.3, koma mthunzi ndi wosowa ndipo kumapeto kuli masitepe otsetsereka. Sankhani nthawi ya m'mamawa, mutenge madzi.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa njira ya Kalalau, yoyambira ku Haena, yotalika makilomita 18. Kupitirira chigwa cha Hanakapiai kumafuna chilolezo chogona kutchire, ngakhale mukubwerera tsiku lomwelo. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje wa Hanakapiai umadzaza mwadzidzidzi kunsi kuli dzuwa. Madzi akafiira musawoloke, dikirani aphwe. Gombe la nyanja la Hanakapiai n'lokongoladi, koma osasambirapo; mafunde amakokera munthu pakati panyanja ndipo ambiri anamirapo.

Madzi a m'mitsinje musamwe osaphitsa, ndipo ngati muli ndi bala musalowemo, kuopa matenda a leptospirosis. Chikwama musachisiye poonekera m'galimoto, akuba amaswa magalasi.