Mlambe wa bonsai ukayoyola masamba, lekani kuuthirira

Chisanu chino ndaona timilambe ta bonsai tingapo (timitengo tomwe amatidulira ndi kutipinda nthambi kuti tikhale tating'ono) tikuwola m'miphika, ndipo tonse taphedwa ndi eni ake omwe, ndi madzi. Masamba akangoyamba kuchita chikasu mu Meyi kapena Juni, munthu amathamangira ndowa, m'mawa madzi, madzulo madzi. Ena mpaka kuwazako yuriya ngati ndi chimanga chobereka.

Abale anga, pitani ku Mangochi kapena ku Chikwawa mu Julayi mukaone milambe yakutchire. Ili mbee, nthambi zokhazokha. Yafa? Ayi, yagona. Mlambe umasunga madzi m'thunthu mwake, ndipo ukakhala wopanda masamba sumwa. Kuuika m'kamphika sikusintha chikhalidwe chake. Madzi amene mukuthirawo amangokhala m'dothi lozizira, mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuda, kenako kuwola kumakwera kulowa m'tsinde. Choipa kwambiri n'chakuti kunja kamtengo kamaoneka bwinobwino kwa masabata. Mukadzakatsina n'kumva kufewa ngati mbatata yophika, ndiye kuti zaka zonse zodulira ndi kupinda nthambi zapita.

Chizolowezi cha kudimba ichi, choti chomera chilichonse chofota chikufuna madzi, chanditopetsa. Mlambe si mpiru.

Bambo wina wolima mbande za maluwa anandionetsa wake, umene anafesa yekha kuchokera ku njere ya malambe zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. "Alangizi, ndimaumvera chisoni, ndiye ndimauthirira pamodzi ndi maluwa," anatero. Titauzula, fungo lake silinali lopirira. Dothi linali la makande, kamphika kali ndi kabowo kamodzi, nakonso kotsekeka. Bamboyo anangokhala pansi osayankhula, ndipo ine zinandiwawa.

Ngati wanu sunafike pamenepo, kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira, moyo ulipo. Uzuleni, dulani mizu yonse yakuda ndi yofewa ndi mpeni woyera mpaka mufike pabwino, muugoneke pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume. Bzalaninso mumchenga wokhakhala wa kumtsinje wosakaniza ndi timiyala, m'mphika wa mabowo ambiri, pamalo owomba dzuwa. Madzi ayi, feteleza ayi, mpaka kutentha kwa Okutobala kutatulutsa timasamba tatsopano. Pamenepo yambani pang'onopang'ono, dothi lizikhala litauma musanathirenso.